Madzi Abwino Pakhomo: Kusankha Sefa ndi Kukonza Mipopi

GAWO LOYAMBA: MADZI AMADETSEDWA PATI?

Madzi akumwa amayenda mtunda wautali asanafike m'kapu. Ambiri mwa madzi a mumzinda wa Blantyre amapatutsidwa mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, n'kupopedwa chokwera mtunda pafupifupi makilomita 40. Ena amachokera m'damu la Mudi, ena ku Likhubula m'phiri la Mulanje. A ku Lilongwe amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, a ku Mzuzu m'damu la Lunyangwa, ndipo a ku Zomba m'damu la Mulunguzi. Mabungwe ogawa madzi amayamba awachotsa matope, kuwasefa mumchenga ndi kuwathira klorini, kenako n'kuwatumiza m'mapaipi. Kumudzi nako madzi a pamjigo wokumbidwa bwino kawirikawiri amatuluka pansi ali abwino, chifukwa nthaka imakhala itawasefa kale.

Vuto limayambira panjira. Mapaipi akakhala odzaza, mphamvu ya madzi imakankhira kunja, ndipo pobooka paliponse madzi amangotayika. Koma madzi akasiya kutuluka, paipi yopanda kanthu imayamba kuyamwa zomwe zili kunja kwake: zithaphwi, madzi a m'ngalande, ngakhale zotuluka m'zimbudzi zomwe zili pafupi. N'chifukwa chake madzi oyamba kutuluka pampopi atabweranso amakhala ofiirira, ndipo si akumwa. Pamjigo, madzi abwino amadetsedwa ndi ndowa yosatsuka, masamba oponyedwa pamwamba kuti asakhavukire, zala za wosenza, ndi chikho chomwe aliyense amaviika mumtsuko.

Zotsatira zake n'zodziwika: kutsegula m'mimba, kamwazi, taifodi ndi kolera. Mliri wa kolera womwe unayambira m'boma la Machinga mu Marichi 2022 unafalikira dziko lonse la Malawi, unagwira anthu opitirira 50,000 ndipo unapha anthu opitirira 1,700. Kotero kuyeretsa madzi ndi kukonza mipopi ndi ntchito imodzi. Sefa yabwino siithandiza ngati paipi ikuyamwa zonyansa kapena thanki ili yosavundikira, ndipo paipi yatsopano siichotsa tizilombo m'madzi a pachitsime chosatetezedwa.

GAWO LACHIWIRI: KUDZIWA CHOMWE CHILI M'MADZI

Palibe sefa imodzi yomwe imathetsa mavuto onse. Asanatulutse ndalama, mwini khomo amayenera kudziwa kaye chomwe chikuwononga madzi ake. Zowononga madzi zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi zooneka ndi maso: matope, mchenga, dzimbiri la m'mapaipi akale achitsulo, ndi ndere. Izi n'zosavuta kuchotsa.

Gulu lachiwiri ndi tizilombo toyambitsa matenda, tomwe sitioneka, sitinunkha, ndipo sitisintha kakomedwe ka madzi. Kukula kwake kumayezedwa m'mamaikironi. Maikironi imodzi ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1,000, ndipo tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi mamaikironi 70. Tizilombo ta Giardia ndi Cryptosporidium, tomwe timatseguletsa m'mimba, timakula mamaikironi 4 mpaka 12. Mabakiteriya, monga a kolera ndi taifodi, amakula maikironi imodzi kapena awiri. Mavairasi ndi aang'ono kwambiri, ambiri safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a maikironi. Manambala amenewa ndi ofunika chifukwa sefa zambiri zimalembedwa kukula kwa timabowo take. Sefa yolembedwa mamaikironi 5 imagwira matope, koma mabakiteriya amangodutsa.

Gulu lachitatu ndi zosungunuka m'madzi. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere, moti ina anthu anaisiya n'kubwerera kumtsinje. M'madera ena, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe, madzi apansi ali ndi fluoride wochuluka, yemwe amathimbiriritsa mano a ana n'kuwasiya ndi mawanga ofiira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati fluoride asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi. Kwina madzi amakhala ndi chitsulo chosungunuka: amatuluka oyera, koma akakhala m'ndowa amasanduka ofiirira, ndipo amathimbiriritsa zovala ndi ziwiya.

Sefa ya madzi imagwira ntchito ngati sefa ya ufa: misere imatsala pamwamba, ufa wosalala n'kudutsa. Chomwe chasungunukiratu m'madzi, monga mchere ndi fluoride, chimadutsa m'timabowo ta sefa wamba popanda chochitsekereza. Kuwiritsa nako sikuchichotsa, koma kumachichulukitsa, popeza madzi ena amauluka ndi nthunzi, mchere n'kutsala.

Matope amaoneka, mchere umamveka pakamwa, koma tizilombo ndi fluoride zimadziwika pokhapokha madzi akayezedwa. Mabungwe ogawa madzi, unduna woona za madzi ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards ali ndi malo oyezera madzi. Aliyense yemwe wakumbitsa chitsime kapena mjigo pakhomo amachita bwino kuyezetsa madziwo asanayambe kumwa, ndi kuyezetsanso mvula ikagwa yambiri kapena madzi akasefukira. Chimbudzi chokumba chimayenera kutalikirana ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwa chitsimecho.

GAWO LACHITATU: NJIRA ZOSAFUNA MAKINA

Kuyeretsa madzi kuli ndi masitepe atatu otsatizana: kudikhitsa, kusefa ndi kupha tizilombo.

Madzi amatope akasiyidwa m'ndowa yovundikira usiku wonse, matope amakhala pansi, ndipo oyera apamwamba amatsanulidwira pang'onopang'ono m'chotengera china. Madzi otungidwa kumtsinje kapena kunyanja akasungidwa masiku awiri, tizilombo ta likodzo tomwe tinali m'menemo timafa. Njere za chammwamba zimafulumizitsa kudikha. Njere zouma zimasendedwa, kusinjidwa, kusakanizidwa ndi madzi pang'ono, n'kuthiridwa m'ndowa kwinaku akutakasa. Ufawo umakoka timatope kuti tiphatikane n'kumira. Njirayi inayesedwa pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo m'zaka za m'ma 1990 ndipo inaoneka kuti imagwira ntchito. Komabe chammwamba chimangoyeretsa maonekedwe, sichipha tizilombo tonse.

Kuwiritsa ndiyo njira yodalirika koposa pophera tizilombo. Madzi kungofunda kapena kutulutsa tinthovu pansi pa poto sikokwanira. Amayenera kubwadamuka kwa mphindi imodzi, kenako n'kuzizira m'poto momwemo ali ovundikira. Chovuta chake ndi nkhuni ndi makala, zomwe zikusowa ndi kukwera mtengo.

Klorini ndi wotsika mtengo. Amagulitsidwa m'timabotolo, monga WaterGuard, kapena ngati mapiritsi, ndipo nthawi ya kolera alangizi a zaumoyo amagawa wosungunula kale. Muyeso umalembedwa pabotolo, ndipo kawirikawiri umawerengeredwa pa chigubu cha malita 20. Akathira, amakhutchumula n'kudikira mphindi 30 asanamwe. Mphindi 30 zimenezo n'zosadumphika, chifukwa ndiyo nthawi yomwe mankhwala amaphera tizilombo. Madzi akakhala amatope, matopewo amadya klorini, choncho amayamba adikhitsidwa kapena kusefedwa pansalu yoyera. Ubwino wa klorini ndi woti amatsalira m'madzi n'kumawatetezabe m'chigubu. Kafungo kake pang'ono ndi chizindikiro choti chitetezocho chilipo. Kufooka kwake n'koti sapha Cryptosporidium.

Dzuwa nalo limapha tizilombo. Madzi oyera amathiridwa m'mabotolo apulasitiki oonekera mkati, osapitirira malita 2, n'kugonekedwa padenga la malata kwa maola 6 kukakhala kowala, kapena masiku awiri kukakhala mitambo. Njirayi siigwira ntchito pa madzi amatope kapena m'mabotolo okalikakalika.

GAWO LACHINAYI: MITUNDU YA SEFA

Sefa ya dothi lowotcha ndiyo yoyamba. Imapezeka ngati mphika wokhazikidwa pakamwa pa ndowa yokhala ndi mpopi, kapena ngati kandulo yomangidwa pakati pa ndowa ziwiri zosanjikiza. Ya mphika inayambitsidwa ndi Fernando Mazariegos ku Guatemala mu 1981. Dongo limasakanizidwa ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga. Powotcha, utuchiwo umapsa n'kusiya timabowo tating'onoting'ono tomwe madzi amadutsamo. Sefa yotere imagwira matope, mabakiteriya ambiri ndi tizilombo tikulutikulu, koma mavairasi ena amadutsa. Imatulutsa lita imodzi mpaka malita atatu pa ola. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lomwe limamwa malita 20 patsiku lingafunike maola 10 ngati sefayo ikutulutsa malita 2 pa ola, kotero kuti imathiridwa madzi usiku ndi m'mawa. Ikayamba kuchedwa, imakwechedwa ndi kabulashi koyera ndi madzi osefa, popanda sopo. Ikayamba kutulutsa madzi mofulumira modabwitsa, ndiye kuti yachita mng'alu, ndipo ntchito yake yatha.

Yachiwiri ndi sefa ya mchenga, yomwe David Manz wa ku yunivesite ya Calgary ku Canada anaikonza kuti izigwira ntchito pakhomo m'zaka za m'ma 1990. Ndi bokosi la simenti kapena mgolo wapulasitiki wokhala ndi timiyala pansi ndi mchenga wosalala wotsuka bwino pamwamba. Paipi yotulukira imakwezedwa kuti nthawi zonse pamwamba pa mchenga pazikhala madzi okwera masentimita 5. Pamenepo pamamera kagulu ka tizamoyo tomwe timadya tizilombo toyambitsa matenda. Kagulu kameneka kamatenga pafupifupi mwezi kuti kakhwime, ndipo kamafa mchenga ukauma, choncho sefayi imafuna kuthiridwa madzi tsiku ndi tsiku. Imakhala zaka zambiri popanda chogula china, koma madzi ake amafunikabe klorini.

Yachitatu ndi sefa ya timachubu topyapyala ngati ulusi, tokhala ndi timabowo ta maikironi 0.1. Imalumikizidwa kundowa ndi kapaipi, ndipo madzi amadutsa okha chifukwa ndowayo imaikidwa pamalo okwera. Imagwira mabakiteriya pafupifupi onse ndipo imatulutsa madzi mofulumira kuposa ya dothi. Ikatsekeka, amaitsuka pokankhira madzi oyera chobwerera m'mbuyo ndi chipangizo chonga jakisoni chomwe chimabwera nayo.

Nyumba zokhala ndi mapaipi zili ndi mitundu ina. Pali katiriji yogwira matope, yomwe imaikidwa m'chibotolo chapulasitiki papaipi yolowa m'nyumba. Ntchito yake ndi kuteteza giza, shawa ndi mipopi ku mchenga ndi dzimbiri, osati kupha tizilombo. Pali katiriji ya makala okonzedwa mwapadera, yomwe imachotsa fungo ndi kakomedwe ka klorini. Anthu ambiri amanyengedwa nayo chifukwa madzi ake amakoma, koma siipha tizilombo, ndipo pochotsa klorini imachotsanso chitetezo. Ikakhalitsa osasinthidwa, mabakiteriya amaswana m'kati mwake. Kawirikawiri imasinthidwa pa miyezi 6 iliyonse. Pali nyali ya UV, yomwe imapha tizilombo ndi kuwala, koma imafuna madzi opanda matope ndi magetsi osaduka. Magetsi akazima, madzi amadutsa osatetezedwa popanda chizindikiro chilichonse.

Makina a reverse osmosis ndiwo amachotsa zosungunuka, monga mchere ndi fluoride. Amakankha madzi mwamphamvu pakachikopa kothinana kwambiri. Amafuna mphamvu ya madzi yokwana pafupifupi mabaa 3. Thanki yokwezedwa mamita 10 imapereka baa imodzi yokha, choncho nyumba zambiri zimafunika kapampu kamagetsi kowonjezera. Makina a pakhomo amataya malita atatu kapena anayi pa lita iliyonse yomwe ayeretsa, ngakhale otayidwawo angathe kukolopera. Kumene madzi alibe mchere kapena fluoride, kugula makinawa n'kutaya ndalama. Kumene vuto ndi fluoride, njira ina ndi makala a mafupa a ng'ombe, omwe amagwiritsidwa ntchito ku Kenya ndi ku Tanzania, kapena kukolola madzi amvula padenga la malata kuti akhale akumwa.

Posankha, wogula amayankha mafunso asanu. Kodi vuto la madzi ake ndi liti? Kodi banja limamwa malita angati patsiku? Kodi chipangizocho chimafuna magetsi kapena mphamvu ya madzi yomwe pakhomopo palibe? Kodi makatiriji ndi makandulo osinthira amapezeka m'sitolo yapafupi? Nanga pachaka adzawononga ndalama zingati? Funso la zosinthira ndilo limaiwalika kwambiri, ndipo sefa zambiri zodula zimathera pakona chifukwa katiriji yake sikupezeka m'dziko muno.

Madzi akayera, amasungidwa m'chigubu cha kukamwa kopanikiza kapena m'ndowa yovundikira yokhala ndi mpopi, yoikidwa pamalo okwera pomwe ana ndi ziweto sangafikire. Ngati ali mumtsuko, chikho chotungira chikhale cha chogwirira chachitali, ndipo chisakhale chomwera.

GAWO LACHISANU: MITA NDI MPOPI WODONTHA

Udindo wa bungwe logawa madzi umathera pa mita. Kuchokera pa mita kulowa m'nyumba, paipi iliyonse ndi ya mwini nyumba, ndipo dontho lililonse lotayika limalowa mu bilu. Yuniti imodzi pa bilu ndi malita 1,000. Mpopi wodontha kamodzi pa sekondi umataya malita opitirira 10,000 pachaka, omwe ndi mayuniti khumi olipiridwa osagwiritsidwa ntchito.

Mita ndiyo imaulula kutayika kobisika. Mipopi yonse ikatsekedwa usiku, manambala a pa mita amalembedwa, n'kuwerengedwanso m'mawa munthu asanatunge. Ngati asuntha, penapake pakutayika madzi. Zizindikiro zina ndi khoma lonyowa, penti yotukumuka, kapena udzu wobiriwira pamalo amodzi m'chilimwe. Paipi ya mumsewu ikaphulika, kapena mita yeniyeniyo ikamachucha, amadziwitsidwa ndi a bungwe la madzi. Kumasula mita kapena kulumikiza paipi mozembera mita ndi mlandu.

Pafupi ndi mita pamakhala valavu yotsekera madzi a nyumba yonse. Aliyense pakhomo, ngakhale ana okulirapo, amayenera kuidziwa, chifukwa ntchito iliyonse yokonza imayambira pamenepo. Zida zofunika n'zochepa: sipanala yosinthika, bobojani, pulayala, sikuludilaiva, tepi yoyera yokulunga pamazinga, ndi mawashala angapo. Mipopi yambiri ya m'nyumba ndi ya theka la inchi, kapena mamilimita 15, pomwe ina yapanja ndi ya mamilimita 20.

Mpopi wopotokola ukamadontha kukamwa ngakhale utatsekedwa, washala watha. Wokonza amatseka valavu yaikulu, n'kutsegula mpopiwo kuti madzi otsala atuluke. Kenako amagwira thupi la mpopi ndi bobojani kuti paipi isapotokole m'khoma, n'kumasula mutu wake ndi sipanala. Kunsi kwa mutuwo kuli kamphira kozungulira kakuda, kogwiridwa ndi kanati kapena kongokanikizidwa. Kakatha kamakhala kophwatalala, kong'ambika m'mbali, nthawi zina kokhala ndi timchenga tolowerera. Amakachotsa, n'kupukuta pomwe kamakhala m'kati mwa mpopi, n'kuika katsopano ka saizi yomweyo. Ngati pokhalira pakepo padyeka n'kuchita kamsewu, washala watsopano sachedwanso kutha, ndipo mpopi wonse umafunika kusintha. Chomwe chimamaliza washala msanga ndi chizolowezi chotseka mpopi mwamphamvu ndi manja awiri. Ukatsekedwa pang'ono chabe mpaka madzi atasiya, umakhalitsa.

Madzi akamatulukira m'khosi mwa chogwirira mpopi uli wotsegula, vuto lili pa kanati kapamwamba. Kumangitsa pang'ono kumakwanira, ndipo ngati sikuthandiza, amamasula kanatiko n'kukulunga tepi pamtengo wa mpopi. Mipopi yamakono yongotembenuza pang'ono ilibe washala. Ili ndi katiriji ya timbale tiwiri tolimba tomwe timakandika ndi mchenga, ndipo ikayamba kudontha katiriji yonse imasinthidwa. Popita kusitolo, ndi bwino kunyamula yakaleyo, chifukwa masaizi ake ndi ambiri.

Pomangirira mpopi watsopano, tepi imakulungidwa pamazinga motsatira mbali yomwe mpopi umazungulira pomanga. Ikakulungidwa mosemphana imafumbuluka, madzi n'kumachucha. Mpopi kapena shawa ikachepa mphamvu pomwe ina ikutulutsa bwino, kawirikawiri kasefa ka kukamwa kwake kadzaza mchenga, kapena timabowo tatsekeka ndi zoyera zoumirira. Kuviika mu viniga usiku wonse kumazisungunula.

GAWO LACHISANU NDI CHIMODZI: CHIMBUDZI CHOGEJEMULA NDI SINKI

M'nyumba zambiri, chotaya madzi kwambiri si mpopi, koma kathanki ka chimbudzi chogejemula, chifukwa madzi ake amatsikira m'mbale mwakachetechete usana ndi usiku. Poyesa, amathira madontho a utoto wa chakudya kapena tiyi wakuda m'kathankiko n'kudikira mphindi 15 osagejemula. Mtunduwo ukaoneka m'mbale, ndiye kuti kakutayika.

M'kathanki muli zida ziwiri. Choyamba ndi valavu yolowetsa madzi, yomwe imatsekedwa ndi mpira woyandama. Madzi akakwera, mpira umakwera nawo n'kukankha kamphira kotseka. Ngati madzi akusefukira m'kapaipi kotayira, mwina mpira waikidwa pamwamba kwambiri, mwina wabooka n'kulowa madzi, kapena kamphira katha. Mpira umatsitsidwa ndi kasikulu ka pamkono wake, kapena popinda mkonowo pang'ono ngati uli wachitsulo, kuti madzi aziima masentimita awiri kunsi kwa kapaipi kotayira. Chachiwiri ndi chotulutsa madzi. Pa zimbudzi zodina batani pamwamba, pansi pake pali mphira yozungulira yomwe imauma kapena kugwira zinyalala, ndipo kuipukuta kapena kuisintha kumathetsa vuto. Pa zimbudzi zachogwirira cham'mbali, ngati chogwiriracho chikufuna kukanikizidwa kangapo kuti madzi atsike, kapepala kapulasitiki ka m'kati mwa saifoni kang'ambika. N'kotsika mtengo, ndipo sikufuna kugula kathanki kena.

Pansi pa sinki pali paipi yopindika. Kupindikako n'kwadala: mumatsalira madzi omwe amatchinga fungo ndi mphemvu zochokera kusuweji. Sinki yomwe yakhala nthawi osagwiritsidwa ntchito imanunkha chifukwa madziwo auma, ndipo kungothiramo madzi kumathetsa fungolo. M'mopindikamo ndimonso mumatsekeka ndi mafuta ozizira, makoko a nsima, masamba a tiyi ndi tsitsi. Poyamba amayesa ndi chopopera champhira, atatseka kabowo kosefukira ndi nsalu yonyowa. Zikakanika, amaika ndowa pansi, n'kumasula manati apulasitiki ndi manja, n'kukhuthula zonse. Soda wamphamvu wotsegulira mapaipi amawotcha khungu ndi maso, ndipo sayenera kusakanizidwa ndi mankhwala ena aliwonse. Jiki naye akasakanizidwa ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi amatulutsa mpweya wapoizoni. Kupewa n'kosavuta: zotsala m'mbale zipite kudzala, mafuta asathiridwe musinki, ndipo matewera, nsanza, zitsononkho ndi mapepala olimba zisaponyedwe m'chimbudzi chamadzi.

GAWO LACHISANU NDI CHIWIRI: MAPAIPI, THANKI NDI GIZA

Nyumba zakale zili ndi mapaipi achitsulo, omwe amachita dzimbiri m'kati, njira ya madzi n'kumachepa chaka ndi chaka. Madzi ofiirira m'mawa uliwonse komanso kuchepa mphamvu m'nyumba yonse ndi zizindikiro zoti afika posinthidwa. Mapaipi a PVC amalumikizidwa ndi guluu wake, atapalidwa ndi kupukutidwa, ndipo guluuyo amapatsidwa nthawi youma madzi asanatsegulidwe. Sapirira madzi otentha, ndipo akakhalitsa padzuwa amauma n'kusweka. Mapaipi akuda a HDPE ndi oyenera kukwirira pansi, ndipo amalumikizidwa ndi zomangira zamanja. A PPR, omwe nthawi zambiri amakhala obiriwira, amapirira madzi otentha ndipo amalumikizidwa powasungunula ndi makina otenthetsa. Kumanga pobooka ndi mphira ya chubu cha njinga kumathandiza kwa tsiku limodzi kapena awiri, koma mphirayo siiletsa zonyansa kulowa madzi akasiya. Chidutswa chobookacho chimayenera kudulidwa n'kuikapo china. Paipi ya madzi akumwa isadutse m'ngalande kapena pafupi ndi dzenje la suweji.

Madzi akabweranso pambuyo posowa, mpopi wapanja ndiwo umayamba kutsegulidwa mpaka madzi atayera, kuti matope asalowe m'giza, m'kathanki ka chimbudzi ndi m'makatiriji. Oyambawo angathe kuthirira maluwa. Mpopi ukamatsokomola n'kumalavula madzi modukizaduka, m'paipi muli mpweya, ndipo umatuluka mipopi yonse ikatsegulidwa kwa kanthawi.

Thanki yosungira madzi imafuna chivundikiro chothina, kansalu kotchinga udzudzu pakapaipi kosefukira, valavu yampira yoletsa kusefukira, ndi valavu yoletsa madzi kubwerera m'paipi ya mumsewu. Ikhale yakuda kapena yobiriwira kuti dzuwa lisalowe n'kumeretsa ndere. Klorini amatha mphamvu madzi akakhalitsa m'thanki, choncho madzi a m'thanki amafunika kuyeretsedwanso asanamwedwe. Thankiyo imakhuthulidwa, kukwechedwa ndi kutsukidwa ndi klorini kamodzi kapena kawiri pachaka. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kutanthauza kuti thanki ya malita 2,000 ikadzaza imalemera matani awiri. Nsanja yake si yomangidwa mongoganizira.

Giza imazimitsidwa madzi akasiya, chifukwa chotenthetsera chake chimapsa chikayaka popanda madzi. Kapaipi kotulutsira mphamvu yochuluka kamadontha pang'ono madzi akamatentha, ndipo zimenezo n'zachibadwa. Kutseka kapaipi kameneka n'koopsa, chifukwa giza ikhoza kuphulika. Munthu akamva kugwidwa ndi magetsi pogwira mpopi kapena shawa, magetsi a nyumba yonse amazimitsidwa nthawi yomweyo, ndipo palibe wosamba mpaka wamagetsi wodziwa ntchito atafika.

Kusintha washala, kukonza mpira wa m'kathanki, kutsegula sinki ndi kusintha katiriji ndi ntchito zomwe aliyense pakhomo angaphunzire. Giza, mapaipi a m'khoma ndi apansi pa simenti, suweji yobwerera m'nyumba, dzenje la suweji lodzaza, pampu ndi makina a reverse osmosis n'za pulambala wophunzira ntchito. Iye asanayambe, mtengo wa zipangizo ndi wa ntchito zimagwirizanidwa padera, ndipo akamaliza, madzi amatsegulidwa iye ali pomwepo kuti polumikiza ponse paoneke ngati sipakuchucha. Kwa wochita lendi, zowonongeka zikuluzikulu amauzidwa eni nyumba msanga, bilu isanakwere.

Ntchito zonsezi zili ndi nthawi yake. Chigubu ndi ndowa za madzi akumwa zimatsukidwa sabata iliyonse. Mita imayesedwa usiku kamodzi pamwezi. Makatiriji amasinthidwa molingana ndi zolembedwa, ndipo tsiku losinthira limalembedwa pachibotolo chake kuti lisaiwalike. Thanki, zivundikiro za zitsime ndi mapaipi apanja zimayenderedwa mu Okutobala, mvula isanayambe, chifukwa dzinja ndilo nyengo yomwe madzi amadetsedwa kwambiri ndipo kolera amabuka.